Paipi Yobisika Kuseri kwa Khonsolo

1

Dzina langa ndine Kanyshai. Kwathu ndi kumapiri a Naryn, m'katauni kamene sinditchula dzina, chifukwa anthu a m'nkhaniyi ena akadali moyo ndipo ndimakumana nawo pamsika. Ndinaphunzira uinjiniya ku Bishkek. Ntchito yanga ndi kuyeza nyumba zaboma, kuona pamene kutentha kukuthawira, kuti malasha ndi magetsi zisamangopsa pachabe.

Tsiku limene bwana wanga anandiuza kuti ndikayeze ofesi ya khonsolo yakwathu, ndinavina m'khonde ngati mwana. Nyumbayo ndinkaidziwa ngati chikhatho changa. Chinali chinyumba chakalekale, mawindo ake omatidwa ndi mapepala, ndipo chinkameza milu ya malasha chaka ndi chaka, koma alembi ankagwirabe ntchito atavala majasi ndi zipewa. Amene ankasonkha moto m'boyila yake, ng'anjo yotenthetsa madzi ofunditsa nyumba yonse, anali bambo anga, a Toktosun. Anayamba ntchitoyo ine ndili khanda. Ndinakula ndikuwaona akubwera kunyumba nkhope ili bii, akutsokomola fumbi la malasha, ndipo ndinalumbira kuti tsiku lina ndidzawapepuzira ntchito.

Panalinso china chondikokera kwathu. Mkulu wa khonsoloyo, a Myrzabek, anali bambo a Ermek, mnyamata amene ndinali naye pa ubwenzi. Chilimwe chomwecho mayi ake anali atabwera kwathu n'kundiveka ndolo zagolide pamaso pa abale, kusonyeza kuti ndine mtengwa wawo. Ukwati unali woti uchitike chisanu chikatha.

Ndinkaona ngati Mulungu wandiikira zonse m'mbale imodzi.

2

Ndinafika chisanu chitayamba kale, mapiri onse ali mbee. Amayi anga, a Burul, anayala nsalu patebulo, naikapo buledi wotentha, mafuta a mkaka ndi jamu. Ndinkayembekeza kuti Bambo anyadira. Koma iwo ankangotembenuzatembenuza buledi m'manja.

"Bambo, simukukondwa? Tikakuta makoma, n'kuika mawindo a magalasi awiri, malasha muzidzathira theka la amene mumathira lero. Msana wanu upuma."

"Msana wangawu unakudandaulira liti?"

"Aa, inu, usiku wonse mumabuula ngati ngamila yokalamba," ndinatero moseka.

Sanaseke. Analoza chikwama changa. "Kamera yako yoona kutenthayo, imaona mpaka pati?"

"Makoma, denga, zitseko. Potentha pamaoneka pofiira, pozizira pamaoneka pakuda."

"Nanga pansi pa nthaka?"

"Ngati pali chotentha, ndipo sichili pakuya, imaona."

Amayi anali akuthira tiyi. Kwathu kudzazitsa mbale ya tiyi n'kuthamangitsa mlendo, ndipo mayi anga sachita zimenezo ngakhale kwa mdani, koma tsiku limenelo anathira mpaka tiyi anasefukira pansalu.

"Kodi kuntchito kwanuko kulibe wina woti achite zimenezi?" Bambo anafunsa. "Mwana wamkazi sayeza ntchito ya bambo ake. Anthu aziti chiyani?"

Ndinaganiza kuti ndi nsanje ya ukalamba, kuopa kuti makina awalanda ntchito. Ndinawagwira dzanja n'kuwalonjeza kuti palibe amene awachotse.

3

Kuyeza kumafuna m'mamawa, dzuwa lisanawombe makoma. A Myrzabek anabwera iwo eni, ndi alembi angapo pambuyo pawo, aliyense akufuna kusuzumira pagalasi la kamera.

"Mpongozi wanga, tandionetsa pamene malasha anga akuthawira," anatero.

Ndinaloza kudenga. Lonse linali psuu.

"Kalanga ine! Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikutenthetsa akhwangwala?"

Anthu anaseka. Tinazungulira nyumbayo tikuseka chomwecho, mpaka tinafika kuseri, kumene Bambo ankataya phulusa la m'boyila. Phulusalo linali litaunjikidwa motalika, kutsata njira yopita kumpanda. Ndinatsitsa kamera kuti ndipukute galasi, ndipo m'pamene a Myrzabek anandigwira mkono.

"Taima. Nanga njoka yofiirayi ikupita kuti?"

Pagalasipo panali mzere wofiira, wowongoka, wochokera kuchipinda cha boyila, kudutsa pansi pa phulusa, kulowa pansi pa mpanda. Kuseri kwa mpandawo kunali kanyumba kamodzi kokha, ka a Syrga.

A Syrga anali mayi wosoka zovala, wokhala yekha, wopanda mwamuna, wopanda mwana, wopanda m'bale. Anali woonda, wa chifuwa, wosayankhulayankhula. Ndili mwana, amayi ankanditumiza kwa iwo ndi madiresi anga akusukulu, ndipo ankachedwa kwambiri pondiyeza, mpaka ndinkatopa. Ndizo zokha zimene ndinkadziwa za iwo.

A Myrzabek anaitanitsa piki ndi fosholo. Pansi pa phulusalo nthaka inali yofewa. Posakhalitsa anafukula paipi ziwiri, zokutidwa bwinobwino ndi zikopa za nkhosa, zikutuluka nthunzi.

Chitseko cha boyila chinatseguka. Bambo anatuluka akupukuta manja pa ovolosi.

"Musavutike kufunsa anthu," anatero. "Ndinaika ndine. Ndekha."

"Asewere!" a Myrzabek anakuwa. "Moto wa boma? Chifukwa chiyani?"

"Kumazizira," Bambo anayankha, nabwerera kukathira malasha.

4

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa. Tsiku lomwelo paipi anazidula. M'mawa mwake Bambo anauzidwa kuti apereke makiyi. A Myrzabek anati sawatengera kupolisi chifukwa cha imvi zawo, koma asadzapondenso pakhonsolo.

Pamsika ndinkayenda ngati wavula. Azimayi ogulitsa mkaka ankayankhula mokweza dala.

"Moto wa a Toktosun ndi waukulu, anzanga. Wokwanira nyumba ziwiri."

"Timati munthu wofatsa, kani akusonkha mbali zonse!"

"Ndiye wowagwira n'kukhala mwana wawo yemwe. Sukulu imeneyo!"

Sabata isanathe, mayi a Ermek, a Kalicha, anafika kwathu. Anakana kuvula jasi. Buledi amene Amayi anawapatsa anangomugwira osalawa.

"Ine sindidziwa kuzungulira," anatero. "Amuna anga ali pampando woonekera. Akakwatitsa mwana wawo kubanja limene laba moto wa khonsolo n'kumatenthetsera chibwenzi, anthu ati ankadziwa. Ndabwerera ndolo zija."

Ndinayang'ana Amayi, ndikuganiza kuti ayankha. Anangoweramitsa mutu. Ndinavula ndolozo ndekha n'kuziika pansalu.

Ermek sanabwere. Anaimba foni. "Kanyshai, usandimve molakwa. Tingodikira fumbi likhazikike."

"Fumbi lake liti, Ermek? Kunja kuno kuli chisanu chokhachokha."

Ndinadula foniyo.

Bambo anali m'khola, akupatsa nkhosa udzu. Ndinaima pakhomo.

"Bambo, a Syrga ndi mkazi wanu?"

Sanatembenuke.

"Ndiyankheni! Ukwati wanga watha, dzina lathu lili m'matope, inu muli phee. Amayi munawalakwira zaka zingati?"

"Kanyshai!" Anali Amayi, kumbuyo kwanga. "Usawayankhule choncho bambo ako. Munthu ameneyu sanandilakwirepo."

"Ndiye wina andiuze!"

Palibe amene anandiuza. Koma madzulo a tsiku lomwelo ndinaona chinthu chimene chinandizunguza mutu kuposa paipi ija. Amayi anatsegula bokosi lawo la ukwati, natulutsa magombeza awiri okhuthala amene ankasungira ine, n'kuwamanga pamsana, kulunjika kwa a Syrga.

5

M'mawa mwake ndinapita ndekha. Ndinali nditakonza mawu akuthwa njira yonse.

Kanyumbako kanali zii ngati m'phanga. Madzi m'ndowa anali atagwira chipale pamwamba. A Syrga anali atakhala pamakina osokera, atafunda limodzi la magombeza anga aja, milomo itada. Pakona panali kachitofu kamagetsi, kozima, chifukwa magetsi anali atathima kuyambira m'bandakucha monga mwa nthawi zonse m'chisanu.

"Lowa, mwanawe," anatero. "Pepa, tiyi ndilibe pophikira."

"Sindinabwerere tiyi. Bwanji simukoleza mbaula ya malasha ngati anthu ena onse?"

"Utsi," anatero akuloza pachifuwa. "Ndinadwala chifuwa chachikulu ndili mtsikana. Phapo limodzi anachotsa. Ndikapuma utsi wa malasha, ndimalavula magazi."

Mawu anga akuthwa aja anayamba kuthawa, koma ndinagwira amodzi. "Pali chiyani pakati pa inu ndi bambo anga?"

"Bambo ako sanakhalepo pansi m'nyumba muno. Anakumba, nalumikiza, napita. Akandiona panjira amangogwedeza mutu."

"Munthu sataya ntchito yake chifukwa cha mlendo."

Maso awo anali pa makutu anga. Anadzuka pang'onopang'ono, natambasula dzanja, n'kukhudza pamene panali ndolo. Zala zawo zinali zozizira ngati chitsulo.

"Anakulanda," ananong'ona. "Chifukwa cha ine."

Misozi inayamba kutsika pamasaya pawo. Ine ndinakankha dzanjalo.

"Musandililire. Sindine mwana wanu."

Anakhala pansi ngati ndawamenya ndi mtengo. Ndinatuluka.

Ndisananyamuke kubwerera ku Bishkek, mtima unandikana. Ndinakapempha a Myrzabek kuti alole paipiyo ilumikizidwenso mpaka chisanu chithe, mayiyo alembedwe ngati wogula kutentha.

"Mwana wanga," anatero, osatinso mpongozi, "tauni yonse ikundiyang'ana. Ndikalola, ati ndikudya nawo."

Ndinasiyira Amayi chotenthetsera chamagetsi chachikulu kuti akapereke, ndipo ndinakwera basi osatsanzika Bambo.

6

Chisanu cha chaka chimenecho chinali chankhanza. Nkhosa zinkafera m'makola. Ine ndinadzikwirira m'ntchito, kujambula mapulani a nyumba ya khonsolo yomwe ija, makoma, denga, boyila yatsopano.

Tsiku lina masana foni inalira. Anali Amayi.

"Bwera lero. A Syrga ali m'chipatala."

"Ndiye zikundikhudza bwanji ine?"

"Kanyshai, sindinakupemphepo kanthu chibadwire chako. Bwera."

Amayi ndinawapeza atakhala pabenchi m'khonde la chipatala, atakalamba ngati papita zaka. Magetsi anali atathima masiku angapo otsatizana, anandiuza, ndipo a Syrga anakoleza malasha m'ndowa. Bambo ndiwo anathyola chitseko ataona kuti makina osokera sakumveka.

"Khala pansi," Amayi anatero. "Ukukumbukira chithunzi cha bambo ako aang'ono, a Sagyn, chili pakhoma kwathu?"

"Amene anakwiririka ndi chipale panjira ya kumapiri, ine ndisanabadwe."

"Anasiya mkazi ali ndi pakati. Kamtsikana kochokera kutali, kamasiye. Atangobereka, chifuwa chachikulu chinamugwira, ndipo anamutumiza kuchipatala cha kutali, aliyense akuti sabwerako. Apongozi anga ananyamula khandalo, lomwe ndi iweyo, n'kuliika pamiyendo panga. Ine ndinali nditapita padera kangapo, madokotala atandiuza kuti ndisayembekezerenso. Apongoziwo anati, 'Mwana wa mng'ono ndi wa mkulu. Lera.' Tinachoka kumudzi, tinabwera m'tauni muno kumene palibe ankatidziwa."

Ndinawayang'anitsitsa Amayi kumaso.

"Koma Syrga sanafe," Amayi anapitiriza. "Anatulukira pakhomo pathu iwe utayamba kale kuyankhula. Unabisala kuseri kwa siketi yanga, ukuti, 'Amayi, ndi ndani ameneyu?' Ndinamugwadira, Kanyshai. Ndinati usandilande. Iye anati, 'Sindimutenga, chifuwa changachi chingamuphe. Mundilole ndizingomuona akudutsa.' Ndinamulumbiritsa kuti sadzakuuza. Ndinawalumbiritsanso bambo ako. Chisanu choyamba anatsala pang'ono kufa ndi utsi, ndiye bambo ako anakumba paipi ija. Anati mkazi wa mng'ono wawo sangafe ndi kuzizira iwo akusonkha moto kuseri kwa mpanda."

"Ndiye pamene anthu ankawanena kuti ndi achiwerewere..."

"Ndinkayembekeza kuti aulula. Sanaulule. Anasankha kutukwanidwa kusiyana ndi kuphwanya lonjezo lawo kwa ine. Ndipo ine ndinakhala chete, ndikuonerera ndolo zako zikuchoka, chifukwa ndinkaopa kuti ukadziwa udzasiya kunditchula amayi."

Chimene chinkangobwerera m'mutu mwanga chinali dzanja lozizira lija, ndi zimene ndinanena polikankha.

7

A Syrga anali atagona pafupi ndi windo, kachubu ka mpweya kali m'mphuno. Bambo anali chiimire kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Atandiona anatuluka mwakachetechete.

Ndinagwada. Ndinayang'ana nkhopeyo ngati ndikuiona koyamba, ndipo ndinapezamo chipumi changa, ndi chibwano changa.

"Akuuza," anatero movutika.

"Andiuza."

"Usawakwiyire a Burul. Anakulera bwino. Ine sindikanatha."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija? Ndinakunyozani m'nyumba mwanu."

"Unanena zoona zimene unkadziwa." Anakoka mpweya. "Madiresi ako aja, ndinkalakwitsa dala muyezo. Kuti ubwerenso."

Ndinaika nkhope yanga pachikhatho chawo n'kulira ngati mwana wakhanda. Ndinafunafuna mawu oti ndiwatchule. Pomaliza ndinati, "Amayi."

Anatseka maso. "Bwerezanso."

Ndinabwereza. Ndinabwereza masiku onse amene ndinakhala pambali pa bedi limenelo, ndipo sanali ambiri. Anatisiya m'mawa wa Lachisanu, dzanja lawo lili m'langa.

Bambo anamanga hema wamaliro pabwalo pathu, osati pakanyumba kaja. Anthu anabwera ambiri, ena kudzalira, ambiri kudzaona ngati a Toktosun alibe manyazi oika maliro a chibwenzi pakhomo pa mkazi wawo. M'hemamo, malo amene amakhala ana aakazi a malemu poimba nyimbo zamaliro anali opanda munthu.

"Nanga amulira ndani, wopanda mwanayu?" mayi wina ananong'ona.

Amayi Burul anaimirira. Anandigwira dzanja, nandidutsitsa pakati pa azimayi onsewo, a Kalicha ali pomwepo, n'kundikhazika pamalo paja.

"Sanali wopanda mwana," anatero mokweza. "Mwana wake ndi uyu. Syrga anali mkazi wa Sagyn, mlamu wanga. Anandipatsa mwana wake, ine ndinam'patsa kuzizira. Amuna anga sanachite china koma kutenthetsa mkazi wamasiye wa mng'ono wawo. Amene muli ndi chonena, nenani kwa ine."

Kenako mayi wina wogulitsa mkaka, mmodzi wa aja ankaseka pamsika, anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiimbe, koma sindinkadziwa choti nditamande. Sindinkadziwa mudzi umene anabadwira, chakudya chimene ankakonda, ngakhale dzina la mayi awo. Ndinangolira dzina lawo.

8

Chisanu chitatha, ntchito ya pakhonsolo inachitika monga ndinaijambulira. Lero alembi amavula majasi akafika, ndipo malasha amene ankatha mwezi umodzi amakwana iwiri. Ndi ntchito yabwino, sindinong'oneza bondo kuti ndinaigwira. Koma pena paliponse pamene ndikupita kukayeza, ndimayamba ndafunsa kuti oyandikana ndi nyumbayo amagona bwanji m'chisanu.

A Myrzabek anatuma munthu kuti Bambo abwerere pantchito. Bambo anathokoza, nakana. Ermek anabwera pakhomo ndi mayi ake, atanyamula nkhosa yopepesera. Tinawalandira, tinamwa nawo tiyi, ndipo ndinamuuza Ermek kuti ndamukhululukira koma sindingakwatiwe naye. Amene anadikira kuti aone kumene mphepo ilowere adzadikiranso tsiku lina.

Bambo ndinawapepesa m'khola momwe muja ndinawakalipira. Anangoti, "Tandipatsira udzuwo," koma ndinaona mapewa awo akugwedezeka.

Inu owerenga, makamaka amene mukulera mwana wa m'bale wanu ngati wanu, sindikukuweruzani. Amayi Burul ndi amayi anga, ndipo adzakhala amayi anga mpaka kumanda. Ankaopa kuti mtima wanga ndi waung'ono, sungakwane amayi awiri. Akanandiyesa. Ndikanakhala ndi zaka zambiri zotchula dzina limene ndinalitchula masiku ochepa chabe, kwa munthu amene mpweya unali ukumuthera. Chinsinsi chimene mukuti mukutetezera mwana, mwanayo ndiye adzachilipire, ndipo adzachilipira nthawi itatha.

Chaka chitakwana chimwalirire a Syrga, tinapita kwa wosema miyala ya pamanda, tonse atatu. Analemba dzina, analemba zaka, kenako anafunsa kuti pansi pake alembe kuti mwalawo waimikidwa ndi ndani. Bambo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Amayi Burul ndiwo anayankha.

"Lembani kuti, 'Mwana wake, Kanyshai.' Ndipo mulembe zilembo zikuluzikulu, zoti munthu aziwerenga ali pamsewu."